Kukayendera othandiza utumiki kunja muli ndi ana: mmene banja la amishoni lingakonzere ulendo

Banja likakhala pa utumiki zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi, imafika nthawi yonyamuka kukaona anthu amene akhala akulipempherera ndi kulitumizira thandizo: mipingo, abale, anzawo akale. Pokonza, ulendowu umaoneka wosavuta. Koma mabanja ambiri amabwerako atatheratu, ndalama zoyendera zitadya gawo lalikulu la zimene anapatsidwa, ana akuyamba kulira akangomva zoti mawa kuli tchalitchi china, agogo awo atawaona masiku awiri okha. Ena ulendo umathera pabwalo la ndege penipenipo chifukwa cha pepala limodzi. Ife tinagwamo m'maenje angapo mwa amenewa pa ulendo wathu woyamba. Malangizo awa ndi a makolo oyenda ndi ana, pa ulendo wa milungu 6 mpaka miyezi itatu.

Zoyenera kukhala nazo musanayambe

- Pasipoti ya munthu aliyense, ndi khanda lomwe
- Masatifiketi a kubadwa a ana ndi satifiketi ya ukwati
- Kalata yochokera ku mpingo kapena bungwe limene linakutumani
- Makalata okuitanani ochokera kwa amene adzakulandireni
- Masitetimenti a ku banki a miyezi yapitayi
- Makadi a katemera ndi kalata ya dokotala ya mankhwala amene mumamwa
- Inshuwalansi ya paulendo ya banja lonse
- Kalendala yaikulu yapepala ndi pensulo
- Kabuku kamodzi kolembamo ndalama ndi malonjezo
- Zithunzi za utumiki pa fulashi, pafoni, ndi zina zosindikiza
- Makadi ang'onoang'ono okhala ndi chithunzi cha banja, zopempherera ndi njira yotumizira thandizo

Mapepala onsewa muwajambule ndi foni, muwatumizenso ku imelo yanu. Chikwama chimasowa.

1. Yambani ndi maina, matikiti pambuyo

Kutatsala miyezi 9 kapena 8, khalani pansi awirinu mulembe aliyense amene mukufuna kukamuona. Kenako agaweni patatu. Gulu loyamba ndi la amene simungabwerere musanawaone: makolo okalamba, mpingo umene unakutumani, anthu amene akhala akupereka mwezi ndi mwezi osadumpha. Lachiwiri ndi la amene mudzawaone ngati ali kufupi ndi njira yanu. Lachitatu ndi la amene mudzangowaimbira foni mukafika m'dziko lawo.

Chenjezo: munthu wopereka zochepa mokhulupirika kwa zaka 10 asagwere m'gulu lachitatu chifukwa choti mpingo wina waukulu wanena kuti "mwina tingadzathandize". Mayi wamasiye uja amene amatumiza kangachepe mwezi uliwonse ndiye woyamba kumugogodera.

2. Pa kalendala, lembani kaye masiku opuma

Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuwonongekera, ndiye ndichedwapo.

Anthu akangomva kuti mukubwera, mauthenga amayamba kugwa ngati mvula. Aliyense akufuna Lamlungu, aliyense akufuna mudzadye kwawo, ndipo inu mumaona ngati kukana n'kusayamika. Mumangovomera. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ife tinavomera mipingo itatu Lamlungu limodzi, m'mawa, masana ndi madzulo, m'matauni atatu. Pofika ku wachitatu mwana wathu wamng'ono anali atagona pansi pa benchi nsapato ili kumodzi, ine ndikufotokoza nkhani imene sindinkakumbukanso ngati ndinali nditainena kale kwa anthu omwewo kapena kwa ena aja a m'mawa.

Chitani motere. Musanayankhe munthu aliyense, tengani pensulo mutseke masiku awa:

a) Masiku asanu oyamba. Musalankhule kulikonse. Ngati nthawi ya kumene mwafika ikusiyana maola ambiri ndi ya kumene mwachokera, thupi limafuna pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse kuti tulo tibwerere m'malo, ndipo ana adzadzuka 3 koloko usiku akufuna chakudya.
b) Tsiku limodzi pa mlungu la banja lokha, popanda mlendo kapena ulendo.
c) Mlungu wathunthu kwa makolo a bambo, ndi wina kwa makolo a mayi, popanda msonkhano pakati. Agogo si siteshoni yodutsirapo.
d) Masiku atatu omaliza, olongedza ndi kutsanzikana.

Otsalawo ndiwo mugawire mipingo ndi anzanu. Lamlungu limodzi, mpingo umodzi. Yesetsani kugona usiku utatu kapena kuposa pamalo amodzi, ndipo ngati n'kotheka pezani nyumba imodzi yoti muzibwererako, yosiyako masutikesi akuluakulu. Anthu okhala dera limodzi asonkhanitseni madzulo amodzi kunyumba ya mmodzi wa iwo m'malo mozungulira makomo 8.

Yang'ananinso nyengo ya kumene mukupitako. Ku Ulaya ndi ku North America, miyezi ya July ndi August mabanja ambiri amakhala ali kutchuthi, mabenchi amakhala apululu ndipo makomiti a mishoni ena sakumana. Nyengo ya Khirisimasi mipingo imakhala ndi mapulogalamu ake odzaza. Ku United States, mlungu wa Thanksgiving, Lachinayi lachinayi la November, ndi wa mabanja awo, ndipo misewu ndi ndege zimadzaza.

Chenjezo: mipingo yambiri imakonza olalikira miyezi ingapo pasadakhale. Lemberani abusa kapena wapampando wa komiti ya mishoni msanga, ndipo funsani mosabisa kuti akupatsani mphindi zingati. "Mudzalankhule pang'ono" kwa wina ndi mphindi zitatu, kwa wina ndi ulaliki wonse.

3. Mapasipoti ndi maviza

Tsegulani pasipoti iliyonse muone tsiku lothera. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6. Samalani ndi za ana, chifukwa m'mayiko ambiri pasipoti ya mwana imakhala ya zaka 5 zokha pamene ya wamkulu ndi ya zaka 10, ndiye imatha mwakachetechete makolo akuganiza kuti zonse zinatengedwa limodzi.

Ngati pasipoti yanu imafuna viza, dziwani izi:

Mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, otchedwa a Schengen, monga Germany, France, Netherlands ndi Norway, amalola masiku 90 m'masiku 180 alionse, ndipo masikuwo amawerengedwa pamodzi m'mayiko onsewo. Simungakhale masiku 60 ku Germany n'kukayambanso kuwerenga ku Netherlands. Mumapempha viza ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mudzakhaleko masiku ambiri. Mungapemphe kutatsala miyezi 6, ndipo musachedwe kufika masiku 15 omaliza. Pasipoti ikhale yotengedwa m'zaka 10 zapitazi, yokhala ndi masamba awiri opanda chidindo, yotsala ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka. Amafunanso inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000.

Britain ndi Ireland sali mu Schengen. Viza ya ku Paris siikulowetsani mu London. Ya alendo ya ku Britain imalola mpaka miyezi 6, ndipo mumayamba kupempha kutatsala miyezi itatu.

Ku United States munthu aliyense, ndi khanda lomwe, amafunika fomu yakeyake yopemphera viza, yotchedwa DS-160. Masiku okaonekera ku ofesi ya kazembe amatha kukhala kutali kwambiri, choncho yambani ndi iyi. Amene amanena kutalika kwa nthawi imene mukhale m'dzikomo ndi ofisala wa pabwalo la ndege polowa, ndiye onani tsiku limene wakupatsani.

Chenjezo loyamba: kusinthira ndege m'dziko lina kungafunenso viza. Ku United States palibe zongodutsa, aliyense amalowa m'dzikomo ngakhale akungosintha ndege. Ku Britain anthu a mayiko ena amafunika viza yodutsira ngakhale satuluka m'bwalo. Tikiti yotchipa ija ifufuzeni kaye kumene ikudzera.

Chenjezo lachiwiri: nenani zoona za cholinga cha ulendo. Viza ya mlendo siilola kugwira ntchito yolipidwa, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa za kulalikira ndi kulandira zopereka. Werengani pa webusaiti ya boma lenilenilo, funsaninso bungwe lanu, chifukwa safunsa anadya phula. Kalata yokuitanani inene maina a onse a m'banjamo, masiku, kumene mudzagone ndi amene alipire. Ya mpingo wokutumani inene kuti ntchito yanu ikukudikirani. Chimene ofisala akufuna kutsimikiza n'chakuti mudzabwerera.

4. Mapepala a ana ndi za thanzi

Ngati pali gawo la ulendo limene ana adzayende ndi kholo limodzi, mwachitsanzo bambo atatsogola kapena atatsalira ku msonkhano, lembani kalata yovomereza ya kholo linalo, isainidwe pamaso pa loya kapena woikidwa kulumbiritsa, mumatepo kope ya pasipoti yake. Nyamulaninso masatifiketi a kubadwa, makamaka ngati dzina la bambo a mwana likusiyana ndi limene lili m'pasipoti ya mayi.

Ngati mukuchokera kapena kudzera m'dziko limene kuli yellow fever, khadi lachikasu la katemera wake lingafunike. Limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayitsireni, ndipo kuyambira 2016 katemera mmodzi amawerengedwa wa moyo wonse. Onaninso ngati ana anamaliza katemera wa chikuku.

Mankhwala akhale m'mapaketi ake enieni, m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Ena amene kwina amagulidwa mosavuta, monga okhala ndi codeine kapena tramadol, m'mayiko ngati United Arab Emirates ali pansi pa malamulo okhwima. Mayi woyembekezera afunse kampani ya ndege: ambiri amafuna kalata ya dokotala kuyambira milungu 28 ndipo sanyamula akadutsa milungu 36.

Chenjezo: ngati mumatumikira kudera la malungo, mwana akatentha thupi muli kunja musadikire. Uzani dokotala mawu oyamba kumene mwachokera ndipo pemphani kuti ayeze malungo. Dokotala wa dziko lozizira angaganize za chimfine, pamene malungo amatha kutulukira patatha milungu, nthawi zina miyezi, munthu atachoka kuderako.

5. Matikiti ndi katundu

Musalipire tikiti yosabweza ndalama viza isanatuluke. Dzina pa tikiti lifanane ndendende ndi la m'pasipoti. Ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi, chifukwa mukagula zidutswa kumakampani osiyana, ndege yoyamba ikachedwa yachiwiriyo siikhala ndi mlandu. Mwana wosakwana zaka ziwiri amakhala pamiyendo, koma ngati adzakwanitse zaka ziwiri muli paulendo, pobwerera adzafunika mpando wake.

Makampani ambiri malire a sutikesi ndi makilogalamu 23. Yezerani kunyumba. Pawabanki imayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Zamadzimadzi za m'manja m'mabwalo ambiri ndi mabotolo osaposa mamililita 100, kupatula mkaka wa khanda ndi mankhwala. Nyama ndi zamkaka siziloledwa kulowa nazo mu European Union kuchokera kunja, ndipo ku United States chakudya chilichonse, mbewu kapena zomera muyenera kuzinena polowa. Pa mphatso, sankhani zopepuka, zosasweka, zosadyedwa. Musaiwale adaputa: mapulagi a ku Britain ndi osiyana ndi a ku Germany, ndipo magetsi a ku United States ndi Canada ndi mavoti 120 pamene ku Ulaya ndi 230.

6. Ndalama: zoyendera pazokha, zopereka pazokha

Lembani bajeti ya ulendo musananyamuke: ndege, maviza, inshuwalansi, mafuta kapena sitima, chakudya cha panjira, zovala za kuzizira, ndi gawo lina la zadzidzidzi. Ngati mpingo wakuitanani kutali, funsani pasadakhale ngati uthandize pa mayendedwe. Si chamanyazi. Chamanyazi n'kuyenda makilomita 600 n'kumabwerera mukuwerengera mumtima.

Anthu adzakupatsirani maenvelopu pakhomo la tchalitchi. Tsiku lomwelo lembani m'kabuku dzina, kuchuluka kwake, ndi chimene woperekayo wanena: za utumiki, za ana, kapena za inu. Ngati sananene, funsani. Zautumiki zonse zidzere ku mpingo kapena bungwe lanu. Izi zimateteza dzina lanu, ndipo zimapindulira woperekayo. Ku Britain, bungwe lolembetsedwa limatha kulandira mapeni 25 oonjezera pa paundi iliyonse kuchokera ku boma kudzera mu dongosolo lotchedwa Gift Aid ngati woperekayo amakhoma msonkho, zomwe sizingatheke ndalama ikalowa m'thumba mwanu.

Chenjezo: kunyamula ndalama zambiri pamanja kumafuna kulengeza pamalire. Malire ake ndi mayuro 10,000 mu European Union, mapaundi 10,000 ku Britain, madola 10,000 ku United States. Ku Britain ndi ku United States amaphatikiza za banja lonse, ndiye kugawira mkazi ndi ana m'matumba sikuthandiza.

7. Konzani zokanena m'miyezo itatu

Paulo ndi Barnaba atabwerera ku Antiokeya, monga mmene Machitidwe 14 akunenera, anasonkhanitsa mpingo umene unawatuma n'kuufotokozera zimene Mulungu anachita. Ntchito yanu yoyamba ndi imeneyo: lipoti ndi chithokozo. Kupempha kumabwera pambuyo pake.

Konzani nkhani ya mphindi ziwiri, yoyankhira munthu amene wakufunsani "zikuyenda bwanji kumeneko?" atagwira kapu ya tiyi. Konzani ya mphindi 10 ya m'chipembedzo, ndi ya mphindi 30 ya madzulo kunyumba ya munthu. Iliyonse ikhale ndi nkhani ya munthu mmodzi, chimodzi chimene chinayenda bwino, chimodzi chimene chinakanika, ndi zopempherera zitatu. Chokanikacho musachibise. Anthu amene akhala akupereka zaka zambiri amadziwa kuti utumiki wopanda zokhumudwitsa kulibe, ndipo lipoti losalala kwambiri amalikayikira.

Yeserani ndi wotchi. Mukapatsidwa mphindi 10, malizani pa 9. Zithunzi 12 zikwana. Tumizani fayilo kwa woyendetsa pulojekita mlungu usanafike, koma khalani okonzeka kulankhula popanda chithunzi n'chimodzi chomwe, chifukwa tsiku lina chingwe sichidzalowa. Mayi nawonso alankhule, asamangoimikidwa kutsogolo ndi ana kuti anthu awaombere m'manja.

Ikafika nthawi yonena za chosowa, nenani kamodzi, momveka, ndi chiwerengero chake: chikufunika n'chiyani, ndalama zingati pamwezi, zidzere kuti. Kuzungulirazungulira kumatopetsa omvera kuposa kupempha kwenikweniko.

Chenjezo: anthu amene mumawatumikira si zithunzi zokopera chifundo. Pemphani chilolezo musanaonetse nkhope ya munthu kapena kufotokoza za matenda ake. Ngati mumatumikira kumene kutembenuka mtima kungaike munthu pangozi, sinthani maina, musatchule mudzi, ndipo funsani ngati chipembedzocho chikuulutsidwa pa YouTube kapena Facebook musanatsegule pakamwa.

8. M'nyumba za eni

Mlendo ndi mame. Nenani tsiku lofika ndi lochoka, ndipo lisasinthe. Uzani okulandirani pasadakhale za chakudya chimene mwana sadya, nthawi yogona, ndi ngati wina amaopa agalu. Funsani malamulo a m'nyumbamo tsiku loyamba: nsapato, bafa, makina ochapira. Tsukani mbale, gulani zakudya kamodzi, ndipo pochoka siyani kakalata kolemba pamanja.

Mukabwereka galimoto, musangolandira makiyi. Funsani ngati inshuwalansi yake ikukuphimbani, ngati laisensi yanu ikuloledwa kapena pakufunika ya mayiko onse, ndi mbali ya msewu imene amayendera. Mipando ya ana m'galimoto ndi lamulo m'mayiko ambiri. Ku Britain mwana amafunika mpando wake mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135. Pemphani kuti wodzakutengani ku bwalo la ndege abwere nayo.

9. Ana

Inu mukupita kwa anthu amene mumawadziwa. Ana akupita kwa alendo amene amawadziwa iwo pachithunzi cha pafuliji, owapsompsona n'kumati "wakula bwanji!" Ndipo ngati mwana anakulira kumene mumatumikira, kwawo ndi kumeneko. Musamukakamize kunena kuti wabwera kwawo.

Aonetseni kalendala, aziona kumene agone mawa. Aliyense akhale ndi kachikwama ka zinthu zake zosasintha, bulangete kapena chidole. Aphunzitseni yankho lalifupi la mafunso obwerezabwereza aja, ndipo apatseni ufulu wokana kuimba kutsogolo kapena kupereka moni m'chilankhulo cha kumene mumatumikira ngati chionetsero. Misonkhano ina apite kholo limodzi. Ngati sukulu ikupitirira, ola limodzi m'mawa uliwonse limaposa kulonjezana kuti mudzabweza zonse mukabwerera.

10. Mukabwerera

M'milungu iwiri yoyamba lemberani aliyense amene anakugonekani, kukudyetsani kapena kupereka. Tumizani lipoti la ndalama ku bungwe lanu. Tsegulani kabuku kaja muone malonjezo: amene anati "tidzakambirana kukomiti" akumbutseni kamodzi patatha mwezi, mwaulemu. Amene munawalonjeza kuwapempherera kapena kuwatumizira chithunzi, chitani. Ntchito musaiyambe tsiku lotsatira.

Zolakwitsa zofala

Kungolankhula osafunsa. Anthu aja nawonso pa zaka zimenezi aika maliro, achotsedwa ntchito, abereka. Munthu akakuuzani kuti mwamuna wake anamwalira chaka chatha inu n'kupitiriza nkhani ya ntchito yomanga, sadzaiwala.

Kudzudzula chuma cha okulandirani. Mudzaona chakudya chikutayidwa ndi nyumba zazikulu, mtima n'kuwawa. Kambiranani awirinu usiku, osati paguwa kapena patebulo la eni.

Kulonjeza ntchito yatsopano chifukwa wina wasonyeza chidwi. Mukabwerera mudzapeza kuti mwasenza chitsime, sukulu ndi gulu la alendo 15 lobwera chaka chamawa, anzanu a kumene mumatumikira osadziwa kanthu.

Kusiya utumiki wopanda mwini. Musananyamuke tchulani amene atsale akutsogolera, amene asaine ku banki, ndi tsiku limodzi pa mlungu limene muzimvana. Apo ayi WhatsApp idzakhala ikulira pakati pa chakudya chilichonse.

Kuwerengera molakwa masiku a viza. Mu Schengen tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka onse amawerengedwa. Ikani ndege yobwerera kutatsala masiku angapo, kuti ikalephereka kapena mwana akadwala musapitirire malire n'kudzavutika popempha viza ulendo wina.

Kudzaza masutikesi popita. Pobwerera mudzakhala ndi mabuku, mankhwala, nsapato za ana za misinkhu iwiri yakutsogolo, ndi zimene agogo aumirira kuti mutenge. Pindani chikwama chimodzi chopanda kanthu muchiike pansi pa sutikesi, ndipo lipirirani katundu woonjezera pa intaneti musanapite ku bwalo la ndege, chifukwa pakauntala mtengo wake umakwera.